Kangaude wofiira akumaliza madimba ku Mulanje, nzeru zili kuseri kwa mpanda

Aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Muloza kudzera msewu wa Midima m'miyezi ya Seputembala ndi Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, anaionapo milu ya matimati imene amayi amayala m'mphepete mwa msewu pa Nkando, pa Chitakale ndi pa Limbuli. Ukamayang'ana uli pawindo milu yonse imaoneka yofiira bwino. Koma tatsikani mutole thimati limodzi. Mbali imodzi lapsa, koma cha kumutu lakana kufiira, langokhala lachikasu. Pakhungu pali timadontho ngati wina anawazapo mchenga, ndipo matimati ena ali ndi chipsera choyera, chofota, ngati anawathira madzi otentha. Wogula wa m'tauni amatola, n'kutembenuza, n'kubweza pamulu, kenako amvekere: "Mayi, awa ndi okakamiza kupsa, tsitsani mtengo." Mayi aja amatsitsa, poti matimati sadikira mawa ndipo dengu lobwerera nalo kunyumba silidyetsa ana.

Ife tikuti mayi amene aja sanakakamize kanthu. Amene waononga matimati awo ndi kachirombo kosafika ngakhale msinkhu wa njere ya mchere, kamene alimi amakatcha kangaude wofiira. Tikutinso mankhwala amene mayiwo anagula pofuna kukapha, nthawi zambiri, ndi omwe anakachulukitsa. Ndipo chomwe chatikhumudwitsa mpaka kulemba ndemanga ino n'chakuti m'boma lomwelo la Mulanje muli anthu ophunzira amene akhala akufufuza za akangaude a mbewu kwa zaka zoposa makumi asanu, koma nzeru zawozo sizinadumphe mpanda kukafika kudimba.

Tiyambe ndi mdaniyo, pakuti ambiri a ife a m'tauni timadya matimati tsiku lililonse koma sitinamuonepo. Kangaude wofiira wa matimati ndi wa miyendo isanu ndi itatu monga kangaude wa m'nyumba, koma utali wake ndi theka la milimita basi. Akatswiri amamutcha Tetranychus evansi. Amakhala kunsi kwa tsamba, kumene mlimi wothamangira kuthirira sayang'anako, ndipo amaboola tsambalo n'kumayamwa madzi ake. Poyamba tsamba limangooneka timadontho toyera pamwamba. Kenako limasanduka lachikasu, n'kuuma ngati lawauka ndi moto. Akachuluka amaluka ukonde wopyapyala wokuta mtengo wonse, n'kuunjikana kunsonga za nthambi ndi za timitengo togwiriziza, mulu wofiirira ngati fumbi la njerwa, kudikira mphepo kuti iwanyamule kupita kudimba la mnzako. Kukatentha, dzira loikidwa lero limakhala litasanduka kangaude woikira mazira ake pasanathe masiku 10, ndipo wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira oposa 100. Werengani nokha: m'miyezi itatu imene matimati amakhala m'dimba, mibadwo isanu ndi itatu imatha kubadwa. Mvula yamphamvu imawakokolola, n'chifukwa chake sasautsa kwambiri m'dzinja. Nyengo yawo ndi chilimwe, nthawi yomweyo imene banja la kumudzi limadalira dimba.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi kapsedwe ka thimati? Zikukhudzana kwambiri. Chakudya chonse chimene chimakulitsa ndi kutsekemeretsa chipatso chimapangidwa m'masamba. Masamba akafa msanga, zipatso zimatsala zazing'ono ndi zosakoma. Komanso masamba ndiwo ambulera ya chipatso. Akayoyoka, thimati limakhala pamtetete, dzuwa la Okotobala n'kumaliwomba tsiku lonse, ndipo apa mpamene pamachokera chipsera choyera chija. Utoto wofiira wa thimati supangika bwino chipatso chikatentha kupitirira madigiri 30, choncho mbali yoyang'ana kudzuwa imangothera pachikasu. Timadontho tija ndi malo amene kangaude anaboola khungu lenileni la chipatso. Palinso msuweni wake wina wamng'ono zedi, wosaoneka n'komwe popanda galasi lokuza zinthu, amene amayambira kutsinde kukwera m'mwamba, kusandutsa thunthu kukhala la dzimbiri ndi kukhakhalitsa khungu la chipatso. Mlimi amaona mtengo ukuuma kuchokera pansi, koma chouumitsa sachiona.

Abale athu amene anakhalako ku England zaka zija akumbukira mabulosi akuda a m'tchire, aminga, amene azungu amathyola m'mphepete mwa misewu chilimwe chawo chikamatha. Nawonso ali ndi kangaude wawo, Acalitus essigi, amene dzina lake linachokera kwa katswiri wa tizirombo wa ku California, E. O. Essig. Kameneka kamabisala pakati pa timibulu ta chipatso, ndipo pamene kayamwa sipada: bulosi limakhala lakuda mbali imodzi, mbali ina lofiira, lolimba ndi lowawasa mpaka kuuma. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi wa mabulosi ku England kapena ku California akaona zotere amadziwa dzina la vutolo, amadziwa wokamufunsa, ndipo amauzidwa mwezi woyenera kuchitapo kanthu zipatso zisanayambe kupsa. Mayi a pa Limbuli amangouzidwa kuti atsitse mtengo.

Kangaude wofiira wa matimati si mbadwa ya kuno. Kwawo ndi ku South America. Akatswiri anamulemba koyamba m'mabuku mu 1960 atamupeza pa chilumba cha Mauritius, ndipo kumtunda kwa Africa anaoneka koyamba ku Zimbabwe mu 1979. Kuchokera kumeneko anafalikira ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, nafika ku Kenya cha mu 2001. Ofufuza a m'chigawo chino cha Africa analemba kuti pamene wasiyidwa osamuletsa amatha kuononga mpaka magawo 90 pa 100 alionse a zokolola. Ndipo pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, wofunsa alimi a ndiwo zamasamba kumpoto kwa Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, kangaude wofiira ndiye anatchulidwa ngati mdani wamkulu wa matimati. Tikunena izi kuti pasapezeke wamkulu wina wonena kuti vutoli ndi lachilendo. Lakhala nafe zaka zambiri. Ana amene anabadwa kangaudeyu atangolowa m'dziko muno lero ali ndi madimba awoawo.

Tsono taonani zimene zimachitika mlimi akaona masamba akuuma. Chifukwa sakuona kachirombo, amaganiza kuti ndi chiwawu, n'kugula Dithane. Dithane ndi mankhwala abwino a matenda a chiwawu, koma si a kangaude. Sabata yatha, dimba likuipiraipira. Amapita pamsika, n'kufotokozera mnyamata wogulitsa mankhwala pa benchi, amene dzulo lake amagulitsa mabatire a wailesi. Mnyamatayo amamuyezera Cypermethrin pa kachitsekero ka botolo, n'kumuthirira m'kabotolo kopanda dzina. Mankhwala amenewa amapha mbozi, koma kangaude samumaliza. Chimene amamaliza ndi tizirombo tina tothandiza timene timadya tizirombo toononga. Dimba limatsala lopanda mlonda, kangaude n'kuswana mwaufulu. Mlimi poona kuti sizikutheka amawonjezera muyeso, amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu m'chidebe chimodzi, mwina ndi otsala a thonje amene anapatsidwa ndi mlamu wake. Amapopera pamwamba pa masamba, kangaude ali phee kunsi. Ndipo kangaude amene wapulumuka amabereka ana osamva mankhwalawo. Ndalama imene mayi anakongola ku banki m'khonde yathera kudyetsa mdani wake.

Inu a ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Bangwe musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Mankhwala alionse ali ndi masiku ake oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pothyola. Masikuwo amalembedwa pabotolo. Koma mlimi amene wagula mankhwala a pa kachitsekero botolo sanalione, ndipo amene akuona dimba lake likupsa sangadikire sabata. Amapopera Lachiwiri, Lachitatu wathyola, Lachinayi matimati ali mumsika wa Limbe, madzulo ake ali mu ndiwo za ana anu. Amene amavutika koyamba ndi wopopera mwiniyo, wopanda nsapato, wopanda chotseka kukamwa, nthawi zina akuwaza ndi tsache kapena nthambi ya mtengo mwana ali kumbuyo. Koma wachiwiri ndi inu.

Pano mpamene tikufuna kuti owerenga aime pang'ono. Mukapitirira pa boma la Mulanje kulowera ku Muloza mumadutsa ku Mimosa. Kumeneko kuli likulu la Tea Research Foundation of Central Africa, bungwe lofufuza za tiyi limene linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limayendetsedwa ndi ndalama zimene alimi a tiyi amasonkha. Tiyi wakhala akulimidwa ngati malonda ku Mulanje kuyambira 1891, pamene Henry Brown anadzala pa esiteti ya Thornwood, ndipo eni ake anazindikira kalekale kuti mbewu yopanda ofufuza ake ndi mbewu yoyembekezera tsoka. Tiyi naye ali ndi akangaude ake: wofiira amene amadya pamwamba pa masamba okhwima n'kuwasandutsa ofiirira, wachikasu wa kunsonga, ndi ena. Si mtundu umodzi ndi wa matimati, izi tivomereze. Koma luso lake ndi lomwelo: kutembenuza tsamba, kuyang'ana ndi galasi, kuwerenga, kudziwa nthawi yoyenera kupopera ndi nthawi yoyenera kusiya, kusinthasintha mankhwala kuti kachirombo kasawazolowere. Pa esiteti sapopera mwachisawawa, chifukwa tiyi wopita ku Ulaya amayesedwa, ndipo akapezeka ndi mankhwala opyola muyeso amakanidwa.

Ganizirani bwino zimenezi. Kapu ya tiyi imene munthu akumwa ku London ili ndi ofufuza, oyesa ndi malamulo oiteteza. Thimati limene lalimidwa kuseri kwa mpanda wa esiteti yomweyo, lodyedwa ndi Mmalawi, mwinanso ndi wothyola tiyi yemweyo akaweruka, lilibe womuyang'anira. Sitikudzudzula a ku Mimosa. Iwo akugwira ntchito imene anawalembera, ndipo akuigwira bwino. Mitundu ya tiyi imene anapanga kumeneko ikulimidwa ngakhale kunja kwa dziko lino. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a bungwe la Sukambizi amene amagulitsa masamba awo ku Lujeri, nawonso amapindula ndi nzeruzo. Funso lathu likupita kwa amene tinawapatsa udindo woyang'anira mlimi wamba: ngati eni tiyi anatha kudzimangira nyumba ya nzeru, boma lamangira chiyani mayi wa dimba?

Yankho la papepala lilipo, ndipo ndi lokoma kumva. Ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, ulendo wosafika maola awiri kuchokera ku Mulanje, kuli malo a boma ofufuzira za zipatso ndi ndiwo zamasamba. Komwekonso ndi kumene kuli bungwe la Pesticides Control Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala ophera tizirombo la chaka cha 2000. Lamuloli limafuna kuti mankhwala alionse alembetsedwe asanagulitsidwe, wogulitsa akhale ndi chiphaso, ndipo botolo likhale ndi malangizo. Mulanje yemweyo anagawidwa m'zigawo za ulimi monga Thuchila, Msikawanjala, Kamwendo ndi Milonde, chilichonse ndi ofesi yake ya alangizi. Zonsezi zilipo. Koma pitani pa tsiku la msika m'malo a malonda a m'malire, muwerenge mabotolo opanda dzina ndi ena a malangizo a m'Chipwitikizi amene wogula ngakhale wogulitsa sangawawerenge. Ndipo funsani m'madimba a m'mphepete mwa Thuchila, Ruo ndi Muloza kuti mlangizi anatembenuza liti tsamba la matimati pamaso pawo.

Alangizi enieniwo sitikuwada. Mlangizi mmodzi m'dziko muno amayembekezeka kuyendera mabanja oposa 1,000, kawirikawiri pa njinga yakapalasa, ndipo boma la Mulanje lokha linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa 2018. Nthawi yake yambiri imathera polemba maina a olandira fetereza wotsika mtengo. Kuyambira mu 2005 pamene ndondomeko ya makuponi inayamba, kudzafika pa AIP ya 2020, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe lakhala likupita ku fetereza ndi mbewu ya chimanga. Thumba la fetereza limaoneka pamsonkhano, limajambulika, limabweretsa mavoti. Galasi lokuza zinthu m'thumba la mlangizi silibweretsa voti ngakhale imodzi. Maboma asinthana, zipani zasinthana, koma pa nkhani iyi onse ayenda njira imodzi.

Tisanamizanenso kuti kale zinthu zinali bwino. M'nthawi ya chipani chimodzi alangizi analipo ambiri ndipo ankayendadi, koma ankayendera chimanga, fodya, thonje ndi mtedza, ndiponso ankakonda pakhomo pa mchikumbe wodziwika. Dimba linkaonedwa ngati zamasewera za amayi. Kenako mu 2000 boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya ulangizi yonena kuti mlimi ndiye azipempha thandizo limene akulifuna. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'zoona. Koma munthu angapemphe bwanji thandizo pa kachirombo kamene sanakaone, kamene akukasokoneza ndi chiwawu? Mayi aja m'mimba amva ndithu. Chitseko chimene atsekula ndi cha mnyamata wa pa benchi, chifukwa ndi chokhacho chimene chili pafupi.

Wina anena kuti m'dziko la njala ngati lino n'kutaya nthawi kulemba za matimati. Amene anganene choncho sadziwa Mulanje. Nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri ili pansi pa tiyi, ndipo mabanja ambiri amalima kachigawo kosakwana kuwadyetsa chaka chonse. Chimanga chikatha m'nkhokwe, chogulira china ndi ganyu, chinangwa, nanazi ndi dimba. Namondwe Freddy atakokolola midzi ndi minda ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, anthu analangizidwa kuti athamangire ulimi wa m'madimba. Chaka chotsatira ng'amba inawotcha mbewu mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi, ndipo uphungu unali womwewo: pitani kumadimba, thirirani. Koma nyengo yotentha ndi youma imene imathamangitsira anthu kudimba ndi yomweyo imene kangaude amaikonda. Kutuma munthu kudimba osamuuza za kangaude kuli ngati kumutuma kukatunga madzi ndi dengu. Dengu limodzi la matimati abwino ndi fizi ya mwana wa ku sekondale, ndi thiransipoti yopitira kuchipatala, ndi ndowa ya chimanga ya mu Januwale.

Chopweteka kwambiri n'chakuti zambiri zothandiza sizifuna ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mlimi atenge pepala loyera, aliike pansi pa tsamba n'kugwedeza, akaona timadontho tikuyenda, ndipo akatifikisa ndi chala n'kusiya utoto wofiirira, wadziwa mdani wake masabata awiri ukonde usanaoneke. Masamba a m'munsi amene agwidwa koyamba awathyole n'kuwatentha. Akamaliza kukolola azule mitengo yonse n'kuitentha, osaisiya iume yokha pamene mbande zatsopano zikumera pambali pake. Nazale isakhale pafupi ndi dimba lakale, ndipo dimba latsopano likhale kumene mphepo ikuchokera. Timitengo togwiriziza ta chaka chatha, madengu ngakhale zovala zimanyamula kangaude, choncho ntchito iyambire m'dimba labwino n'kumalizira m'lodwala. Kangaudeyu amakhalanso pa mabiringanya, mbatatesi, fodya, nthula ndi mnadzi. Za mnadzi tikudziwa kuti amayi atitsutsa, poti ndi ndiwo yokoma, koma m'mphepete mwa dimba la matimati ndi nyumba ya alendo ya kangaude. Ndipo pamene mankhwala afunikadi, alipo opangidwira akangaude, monga Abamectin ndi salifa, oyenera kupopera kunsi kwa masamba, m'mawa kapena madzulo, pa muyeso wolembedwa, ndi kusinthanitsa. Zonsezi mlangizi angazifotokoze pa ola limodzi ataima m'dimba.

Ngakhale nzeru za makolo zimafuna wofufuza. Alimi ambiri amanyika masamba a mthuthu, umene ena amati ombwe, n'kuwaza madzi ake m'dimba. Ena amati umagwira, ena amati ndi bodza, ndipo mkangano umenewu unakhalapo nthawi yaitali. Mu 2012 ofufuza a ku Britain pamodzi ndi anzawo a kuno anasonyeza kuti onse awiri ankanena zoona: mthuthu wa m'Malawi muno uli mitundu iwiri yofanana pamaso, wina uli ndi mphamvu yopha tizirombo, wina ulibe. Mlimi amene anapatsidwa mbewu ya mtundu wopanda mphamvu anavutika pachabe, n'kutaya chikhulupiriro. Zimenezi zinalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, m'magazini a kunja. Kodi ndi alimi angati a kwa Mabuka, kwa Chikumbu kapena kwa Mthiramanja amene anauzidwa?

Palinso njira ina imene Africa anaionapo ikugwira ntchito. Kangaude wobiriwira wa chinangwa, nayenso mlendo wochokera ku South America, anaoneka koyamba ku Uganda mu 1971 n'kufalikira m'maiko ambiri. Bungwe la IITA linakatenga kwawo ku Brazil kangaude wina wodya mnzakeyo, n'kumumasula ku Benin mu 1993, ndipo anafalikira m'maiko oposa 20, mlimi osalipira ngakhale tambala. Pa kangaude wa matimati, ofufuza a ICIPE ya ku Nairobi ndi anzawo a ku Brazil anapezanso mdani wake wachilengedwe, Phytoseiulus longipes, m'zaka za m'ma 2000, n'kumubweretsa ku Kenya. Sitikunena kuti ameneyu ndi mankhwala a zonse, ndipo m'dimba lothiridwa Cypermethrin sabata ndi sabata sangakhalemo. Koma anthu a ku Mulanje ali ndi ufulu womva kuchokera ku Bvumbwe ngati njirayi ingathandize kuno, ndipo ngati singathandize auzidwe chifukwa chake.

Pali chinthu chimodzi chimene mlimi payekha sangachithe, ngakhale atadziwa zonse talembazi. Kangaude amayenda ndi mphepo. Iwe ukazula mitengo yako n'kutentha, mnzako wa dimba loyandikana n'kusiya yake, wagwira ntchito yopanda malipiro. Pa fodya ndi thonje dziko lino lili ndi malamulo akale onena nthawi yozulira mapesi kuti tizirombo tisagonere chaka china. Pa matimati sitikupempha lamulo la ku Nyumba ya Malamulo, ndipo sitikufuna kuona mlimi akulipitsidwa chindapusa ndi munthu wa yunifolomu. Za ulimi wokakamiza anthu a kuno anatopa nazo kuyambira nthawi ya thangata ndi ya malimidwe a atsamunda. Koma mafumu athu amatha kugwirizanitsa mudzi pa nthawi yomanga mbuzi kuti zisadye mbewu. Angathenso kukhala pansi ndi eni madimba a dambo limodzi n'kupangana sabata yozula mitengo yakale ndi nthawi yopumitsa dambolo ku matimati. Chofunika ndi munthu wowafotokozera chifukwa chake m'chinenero chimene amva, Chichewa kapena Chilhomwe.

Choncho pempho lathu likupita kwa anthu odziwika maudindo awo. Kwa mkulu wa zamalimidwe pa khonsolo ya Mulanje: mlangizi aliyense ndi mlimi wachitsanzo aliyense akhale ndi galasi lokuza zinthu mwezi wa Julayi usanathe, pakuti mtengo wa magalasi a boma lonse sungafike pa ndalama zimene zimathera pa msonkhano umodzi wa kunyanja. Kwa a Tea Research Foundation: tsegulani chipata tsiku limodzi kapena awiri pachaka, alangizi a boma adzaone pa makina anu kusiyana kwa kangaude ndi chiwawu, antchito a m'maesiteti amene amakulipirani ndi omwewo amadya matimatiwa. Kwa a Pesticides Control Board: kulanda mabotolo pamsika kamodzi pachaka atolankhani akujambula sikukwanira. Mnyamata wa pa benchi sachoka, chifukwa mlimi wa mizere khumi sangagule lita yathunthu. Kambiranani ndi makampani kuti mankhwala a kangaude azipezeka m'timabotolo ting'onoting'ono tosindikizidwa, ta malangizo a m'Chichewa, ndipo ogulitsa aphunzitsidwe asanapatsidwe chiphaso. Kwa a wailesi, MBC ndi Mzati ya ku Mulanje komweko: nkhani ya pepala loyera ija imatha mphindi ziwiri.

Aphungu a ku Mulanje ndi makhansala awo ali ndi mwayi wofunsa mafunso amene mayi a pa Limbuli sangafunse. Afunse kuti m'zigawo za ulimi za bomali muli malo angati a alangizi opanda munthu, ndi ndalama zingati za chaka chino zimene zapita ku ulangizi wa m'madimba, ndiponso ndi liti pamene matimati a m'misika ya Mulanje ndi Limbe anatengedwa kukayesedwa ngati ali ndi mankhwala otsalira. Mayankhowo akabwera tidzawasindikiza pa tsamba lino momwe aliri. Nazale za matimati a chilimwe zimafesedwa kukamazizira, ndipo kangaude amayamba kuoneka chiperoni chikangotha. Mu Okotobala tidzakweranso minibasi ya Midima, tidzatsika pa Nkando ndi pa Limbuli, ndipo tidzafunsa amayi ogulitsa ngati wina anabwera kudimba kwawo kudzatembenuza tsamba.